Thupi likusowa m'ma transcript anga: ndilibweze bwanji?

Nyenyezi_22 walemba:

Moni nonse. Ndikuchita kafukufuku wa qualitative (wodalira zimene anthu akufotokoza, osati manambala) pa anthu amene akhala akudwala msana kwa zaka zoposa ziwiri koma akugwirabe ntchito yonyamula katundu. Ndacheza ndi anthu 14, aliyense pafupifupi ola limodzi, ndipo ma transcript onse (zolemba za mawu amene ndinajambula) ndalemba. Vuto ndi lakuti mayankho akungofanana: "umapweteka", "ndimangopirira", "ndinazolowera". Amene akundiyang'anira akuti nkhani yonse ndi ya thupi, koma thupilo m'data mulibe. Zimene ndawerenga zokhudza embodiment (mmene munthu amakhalira ndi kudziwa zinthu kudzera m'thupi lake) ndi filosofi yokhayokha. Pa ntchito yeniyeni ndisinthe chiyani: mafunso, kajambulidwe, kapena coding (kuika zigawo za mawu a anthu m'magulu opatsidwa mayina, otchedwa ma code)? Ndipo zimene wofufuza amamva m'thupi mwake pocheza ndi anthu, nazo ndi data?

Kalembera wayankha:

A Nyenyezi, yambani ndi mafunso, chifukwa thupi limatayika poyamba pamenepo.

Mayankho amene mwapezawo sakusonyeza kuti anthuwo akubisa kanthu. Katswiri wa filosofi Drew Leder anafotokoza mu 1990 kuti thupi likamagwira bwino ntchito mwini wake salizindikira, limadzaonekera pokhapokha chinachake chikasokonekera. Munthu amene wakhala ndi ululu zaka ziwiri waphunzira kapindidwe ka mawondo, kagwiridwe ndi kapumidwe komwe kamamupulumutsa, ndipo zonsezo zalowa m'chizolowezi moti sazionanso. Mukamufunsa kuti "ululuwu umakukhudzani bwanji pa ntchito?" akuyankhani ndi chidule cha zaka ziwirizo, ndipo chidulecho ndi "ndinazolowera".

Njira imene imathandiza ndi imene Pierre Vermersch anaikonza ku France, yotchedwa explicitation interview. Mfundo yake ndi imodzi: musafunse za chizolowezi, funsani za nthawi imodzi yeniyeni. Mumuuze kuti, "Tiyeni tibwerere ku katundu womaliza amene munanyamula dzulo." Musathamangire ku ululu. Muyambe mwamukhazika pamalopo: anaima pati, pansi panali potani, katunduyo anali m'chiyani, anavala nsapato zanji. Mukatero dulani nthawiyo m'tizidutswa. Musanawerame munayang'ana kuti? Dzanja liti linayamba kugwira? Mapazi anali motalikirana bwanji? Mpweya munaugwira kapena munautulutsa? Katunduyo atangochoka pansi, chinayamba n'chiyani? Chinthu chimene chinachitika m'masekondi 30 chikhoza kutenga mphindi 20 kuchifotokoza, ndipo zikatero ndiye kuti zikuyenda.

Funso lakuti "chifukwa chiyani" lisiyeni kaye. Limamuchotsa munthu m'thupi n'kumupititsa ku zimene dokotala anamuuza kapena zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Gwiritsani "bwanji", "kenako", "pati". Akanena kuti "ndimadziwa kuti lero msana sundilola", mufunse kuti, "Mumadziwa bwanji? Chimayamba kukuuzani n'chiyani?" Pamenepo m'pamene pamatuluka zinthu ngati kuuma kwa m'chiuno podzuka, kapena dzanzi limene limatsika mwendo umodzi.

Samalani ndi mawu oti "kumva". M'chinenero chathu timamva ndi khutu, timamva fungo, timamva kukoma, timamva kuwawa, timamvanso mfundo. "Munamva bwanji?" angaliyankhe ndi zamumtima, inu mukufuna za mnofu. Nenani kuti "m'thupimo munamva chiyani, pati?" Komanso musamupatse mawu. Mukafunsa kuti "umabaya kapena umatentha?" asankha limodzi mwa awiriwo pokulemekezani, ndipo mudzalemba mawu anu omwe ngati ake. Dikirani atchule yekha kuti kulasa, kuluma, kukoka, kuphwanya, kenako mubwereze mawu akewo ndendende: "Mwati umakoka. Umakokera kuti?"

Mudzadziwa kuti wafika pamalopo mukaona kuti maso achoka pa inu, mawu akutuluka pang'onopang'ono, manja ayamba kuchita zimene akunena. Akakhala chete, werengani mumtima mpaka 7 kapena 8 musanalankhule. Ofufuza ambiri amadula chete ameneyu msanga chifukwa amawasowetsa mtendere iwowo, osati wofunsidwayo. Mukamva "nthawi zambiri ndimati..." dziwani kuti wabwerera ku chizolowezi, mumubweze mofatsa: "Nanga dzulo lomwelo?"

Chimodzi chokha choletsedwa: musamupemphe kunyamula katundu weniweni kuti akuonetseni. Asonyeze ndi manja opanda kanthu, ali chikhalire ngati akufuna.

Mlozo wayankha:

Ndikugwirizana ndi a Kalembera, koma ma interview 14 aja musawataye. Mbali ina ya thupi ilimo m'mawu ojambulidwawo, inangotsala pamene munkalemba transcript. Transcript wamba amachotsa kupuma, kubuula, kuseka kobisa manyazi, mpando kulira munthu akamasintha kakhalidwe. Kwa munthu wodwala msana, kusuntha pampando mphindi 10 zilizonse ndi nkhani yaikulu kuposa mawu oti "ndimapirira".

Mverani onse 14 kachiwiri, transcript mutaiika pambali. Lembani mphindi ndi sekondi paliponse pamene mawu asintha, mpweya wamveka kapena munthu wasuntha. Pa interview iliyonse sankhanipo zigawo zitatu kapena zinayi za mphindi ziwiriziwiri, ndipo zimenezo zokha muzilembe mwatsatanetsatane ndi zizindikiro za Gail Jefferson, zosonyeza mmene mawu analankhulidwira. Zofunika kwa inu ndi zochepa: (.) ndi chete wamfupi kwambiri, (1.5) ndi chete wa sekondi imodzi ndi theka, .hhh ndi kukoka mpweya, hhh ndi kuutulutsa, mzere kunsi kwa mawu ndi kutsindika, madontho awiri osanjikizana (:) obwerezedwa ngati m'mawu oti "umawa:::wa" ndi kukoka liwu, ndipo zimene inu mwaona kapena kumva zimalowa m'mabulaketi awiri, mwachitsanzo ((wasuntha pampando)). Musayese kuchita izi pa maola onse 14. Kulemba wamba kumadya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi pa ola limodzi la mawu, ndipo kwa Jefferson kumaposa pamenepo kangapo. Mudzatopa musanayambe kusanthula.

Chimene simungachipulumutse ndi "apa". Anthu akamafotokoza ululu amati "umayambira apa n'kufika apa", dzanja likuloza. Rekoda imagwira "apa" koma dzanja siiligwira, ndipo pakatha milungu itatu simudzakumbuka ngati kunali kumanzere kapena kumanja. Mankhwala ake ndi osavuta: pa ma interview otsatira, nenani mokweza zimene mukuona. "Mwagwira m'munsi mwa msana chakumanzere, ndipo dzanja likutsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka pabondo." Rekoda yagwira, ndipo ngati mwalakwitsa mwini wake akukonzani pomwepo.

Ngati komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku ingavomereze vidiyo, kamera ikhale pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), mamita awiri kapena atatu kuchokera pamene munthu wakhala, chapambali pang'ono osati kutsogolo kwenikweni, chifukwa kupindika kwa msana sikuoneka bwino kuchokera kumaso. Chithunzi chitenge thupi lonse mpaka mapazi, ndipo inunso muonekemo, poti wofunsidwa amatsatira kakhalidwe kanu: mukawerama nayenso amawerama. Pa mtunda umenewo maikolofoni ya kamera siikwanira, choncho ikani rekoda ina pafupi ndipo muombe m'manja kamodzi poyamba kuti mudzalumikize mawu ndi chithunzi mosavuta. Mphindi zoyamba anthu amauma chifukwa cha kamera, ndiye mafunso ofunika musayambire.

Transcript ya vidiyo muigawe m'mizati itatu: nthawi, mawu, zochita za thupi. Mu mzati wachitatu lembani zooneka zokha. "Wakunga nsagwada, dzanja lamanja lagwira m'mphepete mwa mpando" ndi zimene mwaona. "Akumva kuwawa" ndi maganizo anu, ndipo malo ake ndi kwina. Kusakaniza ziwirizi ndi kulakwitsa kumene kumapezeka kwambiri, ndipo kukachitika n'kovuta kudzakuzindikira pambuyo pake.

Pa chinsinsi: kuphimba nkhope sikubisa munthu. Kayendedwe, chipsera, kaimidwe ndi mawu zimamuulula kwa aliyense womudziwa. Fomu ya chilolezo isiyanitse zinthu zitatu, aliyense asankhe payekhapayekha: kujambulidwa kuti inu musanthule, kuonetsa vidiyo kwa ofufuza anzanu, ndi kuika chithunzi m'zosindikizidwa. Pa chachitatuchi ambiri amajambula mizere ya thupi kuchokera pa chithunzi m'malo moika chithunzi chenichenicho.

Nambewe_PhD wayankha:

Ndiwonjezere njira ziwiri zosadalira kufunsana chikhalire.

Yoyamba ndi body mapping. Inatchuka kwambiri kuchokera ku Cape Town mu 2002, pamene Jane Solomon anagwira ntchito ndi amayi amene anali ndi HIV. Munthu amagona pa pepala lalikulu, la mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, wina n'kujambula mzere wozungulira thupi lake, kenako mwini wake amadzaza mkatimo ndi mitundu, zizindikiro ndi mawu. Ntchitoyi siyenera kutha tsiku limodzi. Igaweni katatu, ola limodzi ulendo uliwonse: koyamba mzere wa thupi ndi mbiri ya ntchito, kachiwiri pamene pamapweteka ndi mmene ululu umayendera kuyambira m'mawa mpaka usiku, kachitatu pamene pali mphamvu ndi zimene zimathandiza. Gawo lachitatuli musalidumphe, apo ayi munthu apita kwawo atangotsala ndi chithunzi cha zilonda zake.

Kwa anthu anuwa pali msampha woonekeratu: wodwala msana kumugoneka pansi polimba ndi kumuzunza, ndipo kudzukanso ndi ntchito. Matani pepala pakhoma aime chotsamira, kapena mupatseni pepala la A3 lokhala ndi mzere wa thupi kale, kutsogolo ndi kumbuyo. Kujambula mzere kumafunanso kuyandikira thupi la munthu, ndiye asankhe yekha womujambula, ndipo cholembera chidutse patali ndi malo obisika. Rekoda ikhale yoyatsa nthawi yonse, chifukwa data yeniyeni ndi zimene akunena akujambula. Mtundu wofiira musautanthauzire nokha kuti ndi ululu woopsa. Mwina ndi cholembera chokhacho chimene chinali pafupi. Mufunseni.

Yachiwiri ndi go-along, imene Margarethe Kusenbach anailongosola mu 2003: kuyenda naye munthu m'malo ake a tsiku ndi tsiku mukucheza. Pamalo a ntchito mudzaona zimene sangakumbuke kukuuzani, monga sitepe imene amaizemba, khoma limene amatsamira, ndi mmene amakankhira katundu ndi phazi kuti afike pafupi asanawerame. Muikeni maikolofoni yapakolala, chifukwa phokoso ndi mphepo zimawononga mawu. Chenjezo: pamaso pa bwana kapena anzake, munthu amawongoka n'kubisa kutsimphina poopa kuti angamuchotse ntchito. Kubisako lembani, ndi gawo la nkhani, koma musamufunse za iko pomwepo.

Nyenyezi_22 walemba:

Zikomo kwambiri nonse. Za "apa" zandigwira, ma transcript anga adzaza nazo. Latsala funso lomaliza lija: thupi la wofufuza. Ndipo pa coding ndichite bwanji kuti zonsezi zisathere mu code imodzi yoti "ululu"?

Nambewe_PhD wayankha:

Thupi la wofufuza ndi chida, ndipo ena analigwiritsa ntchito mpaka pamapeto. Loïc Wacquant analowa mu jimu ya nkhonya ku Chicago mu 1988, n'kukhala akuphunzira nkhonya kwa zaka pafupifupi zitatu, pofuna kudziwa luso limene osewerawo sakanatha kulifotokoza ndi pakamwa. Inu simukufunika zaka zitatu. Kunyamula katundu wopepuka theka la tsiku motsogozedwa ndi mmodzi wa iwo kudzakupatsani mafunso amene simukanawaganiza, ndipo mawu amene adzagwiritse pokudzudzulani ("musakoke ndi msana, kankhani ndi miyendo") ndi data yamtengo wapatali.

Lembani zamthupi lanu pasanathe maola 24, makamaka mkati mwa ola loyamba, chifukwa zoterezi zimazilala msanga kuposa mawu. Mphindi 15 zikwana: kutentha kwa chipinda, fungo, phokoso, mmene munakhalira, pamene mapewa anu anauma, pamene munafuna kuti kucheza kuthe. Ikani nthawi pambali pake kuti mudzayerekeze ndi rekoda.

Kalembera wayankha:

Apa ndisiyana pang'ono ndi a Nambewe. Zolembazo lembani ndithu, koma dziwani kuti ndi umboni wa chiyani. Chifuwa chanu chikalemera pa mphindi ya 34, chimenecho ndi umboni wakuti chifuwa chanu chinalemera. Sichikutsimikiza kuti wofunsidwa anali ndi chisoni. Mwina munali ndi njala, mwina nkhaniyo yakukumbutsani zanu. Ntchito yake ndi kukulozerani pobwerera: mverani mphindi ya 34, onani chimene chinanenedwa, ndipo ulendo wotsatira mufunse mwini wake. Akatsimikiza, mwapeza kanthu. Akakana, lembani kukanako.

Chimodzimodzi kunyamula katundu theka la tsiku. Msana wabwino umene watopa masana amodzi, mwini wake akudziwa kuti mawa apuma, si msana umene wapweteka zaka ziwiri ndipo banja likudalira. Mudzaphunzira luso la ntchitoyo, osati ululu wawo. Katswiri wa filosofi Husserl anasiyanitsa Körper, thupi loonedwa ndi kuyezedwa kuchokera kunja, ndi Leib, thupi monga mwini wake akukhalira nalo, ndipo Merleau-Ponty anapitiriza mfundoyi mu 1945. Kamera ndi maso anu zimafika pa loyambalo. Lachiwiri mumalifikira kudzera mwa mwini wake basi. N'chifukwa chake mabuku a "body language" onena kuti kupinda manja ndi kudziteteza alibe malo m'kafukufuku wotere. Wodwala msana angapinde manja pofuna kuchirikiza thupi, kapena chifukwa kukuzizira.

Kumbukiraninso kuti thupi lanu nalo likuonedwa. Msinkhu wanu, kaya ndinu mwamuna kapena mkazi, zovala, manja osalala osonyeza kuti simunyamula katundu, zonsezi zimasintha zimene munthu angavomere kuti zimamupweteka. Wina amachepetsa ululu kuti asaoneke wofooka, wina amaukulitsa akaganiza kuti muli ndi thandizo la mankhwala. Izi zilowe m'chaputala cha methodology (chofotokoza njira za kafukufuku) mwachindunji, interview ndi interview, osati ndime imodzi yongonena kuti munali reflexive (munkalingalira mmene inuyo mukukhudzira kafukufukuyo).

Mlozo wayankha:

Pa coding. Ulendo woyamba musagwiritse mayina a zinthu, gwiritsani aneni, ndipo akhale a wofunsidwayo: kukoka, kulasa, kuuma, kutsamira, kugwira mpweya, kuzemba sitepe. "Ululu" ndi thumba lomeza zonse, pamene aneni amasunga kayendedwe. Ulendo wachiwiri, pa chigawo chilichonse yankhani mafunso anayi: pati m'thupi, nthawi yanji (asananyamule, akunyamula, usiku), ndi chinthu chanji (katundu, lamba, mpando, pansi), pamaso pa yani. Mukaika zimenezi m'tebulo la anthu onse, mpamene mumaona zinthu ngati kuti kutsimphina kumatchulidwa kunyumba kokha, kuntchito ayi.

NVivo ndi ATLAS.ti, mapulogalamu a pakompyuta ochitira coding, zonse zimalola kuika code pa mawu ojambulidwa kapena pa vidiyo mwachindunji. Chitani zimenezo pa zigawo zosankhidwa zija, kuti nthawi iliyonse mukatsegula code muzimva liwu lenilenilo m'malo mowerenga mzere wouma.

Ikani code yapadera pa malo amene mawu ndi thupi zikutsutsana, monga pamene munthu akuti "palibe vuto" mpweya uli wogwidwa. Musagamule kuti thupi ndilo likunena zoona ndipo pakamwa pakunama. Zonse ziwiri zikuchitika, ndipo funso lanu ndi lakuti kunena "palibe vuto" kukumugwirira ntchito yanji munthu amene akufuna kudzukanso mawa kupita kuntchito.

Ngati lipoti lidzalembedwa m'Chingerezi, musamasulire musanamalize coding. Kuwawa, kupweteka, kulasa, kuluma ndi kuphwanya zonse womasulira wofulumira amaziika pa liwu limodzi, ndipo mawu ngati "msana unangoti gwa" kapena "mwendo uli zii" amawachotseratu poti alibe anzake. Chimodzimodzi "mtima": wina akati "mtima unathamanga" angatanthauze kugunda kwenikweni kapena mantha, ndipo kumasulira kumakukakamizani kusankha pamene mwini wake sanasankhe. M'lipoti ikani mawu enieniwo pamwamba, kumasulira pansi, ndi zochita za thupi m'mabulaketi awiri aja.

Pa anthu 14 aja, bwererani kwa asanu kapena asanu ndi mmodzi amene mawu awo ali ndi "apa" wambiri, muwaseweretse kagawo ka masekondi 30 ka mawu awo omwe, n'kuwafunsa kuti dzanja linali pati. Musanatero onani fomu yanu ya chilolezo ngati inatchula zocheza kachiwiri. Ngati sinatchule, pemphani kaye kusintha ku komiti, ndipo m'pempho lomwelo muikemo za vidiyo ndi body mapping kuti musadikire kawiri.